Funsani Tiyankhe: Ndege Zankhondo Zakale

Makalata ambiri amene atipeza mwezi uno akufunsa za ndege zankhondo zakale, makamaka zopangidwira kumenyana ndi zinzake mumlengalenga komanso zoukira asilikali ndi akasinja pansi. Ngakhale mafunsowo akusiyana, pafupifupi onse akukhudza vuto limodzi limene palibe mmisiri wa ndege amene analithawa, loti ndege siingasenze zonse. Chitsulo choteteza woyendetsa, mafuta a ulendo wautali, mfuti zikuluzikulu ndi injini yamphamvu, chilichonse chili ndi kulemera kwake, ndipo mmisiri akawonjezera chimodzi amakakamizika kuchepetsa china.

Funso: A Mkonzi, ndinaona chithunzi cha ndege ya nthawi ya Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse, ndipo mfuti yake yachiwaya inali kumbuyo kwenikweni kwa pulopela. Kodi zinkatheka bwanji kuwombera popanda kuthyola pulopela yakeyo? — Wophunzira zaumakaniko

Yankho: Mwafunsa funso lomwe linazunguza mitu ya amisiri kwa chaka chathunthu. Nkhondoyo itayamba mu 1914, ndege inali chinthu chachilendo, pakuti panali patangopita zaka 11 kuchokera pamene Wilbur ndi Orville Wright anaulutsa yawo. Ntchito yake kunkhondo inali ukazitape, kutanthauza kuona kumene adani akusonkhana ndi kuuza owombera mizinga kumene zipolopolo zawo zikugwera. Akuluakulu a asilikali atazindikira kuti ndege ya mdani ikuulula zinsinsi zawo zonse, anafuna njira yoigwetsera, ndipo posakhalitsa zinadziwika kuti njira yosavuta kwa munthu amene ali yekha m'ndege ndi kulunjikitsa ndege yonseyo pa mdani, mfuti itamangiriridwa kutsogolo kwa maso ake. Koma kutsogoloko n'kumene kunali pulopela yathabwa.

Afalansa ndi amene anayamba kuyesa njira yolimba mtima. Roland Garros anamangirira tizitsulo tosongoka pa pulopela ya ndege yake ya Morane-Saulnier kuti chipolopolo chilichonse chimene chagunda pulopelayo chinjanje n'kulowera kumbali. Pa 1 Epulo 1915 anagwetsa ndege ya Ajeremani mwa njira imeneyi, koma pa 18 mwezi womwewo anatera mokakamizika m'dera la adani ndipo ndege yake inagwidwa. Ajeremani anaionetsa kwa Anthony Fokker, mmisiri wochokera ku Netherlands amene ankawapangira ndege, ndipo iye ndi anzake sanatengere tizitsuloto koma anamaliza kachipangizo kabwino koposa. Pa injini anaikapo gudumu lokhala ndi kanundu, ndipo kanunduko kankakankha ndodo yolumikizidwa ndi mfuti pa nthawi yokhayo imene pulopela sinali kutsogolo kwa mpope. Inu amene mukuphunzira zaumakaniko muzindikira msanga kuti nzeru yake ndi yofanana ndi imene imatsegula ndi kutseka mavavu a injini pa nthawi yake. Woyendetsa ankangofinya batani, koma injini ndiyo inkasankha kamphindi koti chipolopolo chituluke.

Ndege ya Fokker Eindecker, imene inalandira chipangizochi, sinali yothamanga kapena yolimba kwenikweni, komabe kuyambira pakati pa 1915 mpaka kumayambiriro kwa 1916 inazunza Angerezi ndi Afalansa kwambiri m'manja mwa akatswiri monga Max Immelmann ndi Oswald Boelcke. Afalansa anayankha ndi Nieuport 11, imene mfuti yake inali pamwamba pa phiko lam'mwamba kuti zipolopolo zidutse pamwamba pa pulopela, ndipo Angerezi anapanga DH.2, imene injini ndi pulopela zinali kumbuyo kwa woyendetsa.

Ndiwonjezepo za injini za nthawiyo, chifukwa ndikudziwa kuti zikusangalatsani. Pa ndege zambiri, kuphatikizapo Sopwith Camel ya Angerezi, injini yonse inkazungulira limodzi ndi pulopela kuti izizizira ndi mphepo, motero sipankafunika madzi oziziritsa amene ndi olemera. Ankaitsira mafuta a nsatsi, amene ankathovokera kumaso kwa woyendetsa. Chitsulo cholemera chozungulira chotero chinkakokera ndege kumbali, kotero kuti Camel inkakhotera kumanja mofulumira modabwitsa. Katswiri ankapulumuka nako kukhota kumeneku, koma ophunzira ambiri anafa nako asanaone n'komwe mdani. Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti oyendetsa ndege a Britain anamenya nkhondo yonseyo m'ndege zathabwa ndi nsalu, zosachedwa kuyaka, osapatsidwa parachuti.

Funso: Ine ndi mnzanga takhala tikutsutsana kwa nthawi yaitali. Iye akuti Spitfire ndi imene inapulumutsa Britain mu 1940, koma ine ndinawerenga kuti inali Hurricane. Tithandizeni, wolondola ndani? — Mphunzitsi wopuma pantchito

Yankho: Bambo, ngati mkanganowo uli pa kuchuluka kwa ndege za adani zimene zinagwetsedwa, inu ndi amene mwalondola. Pa nkhondo yamumlengalenga imene inachitika pamwamba pa Britain kuyambira 10 Julayi mpaka 31 Okutobala 1940, m'kati mwa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, magulu ouluka ndi Hurricane anali ambiri kuposa a Spitfire, ndipo Hurricane inagwetsa ndege za Ajeremani zambiri kuposa mnzakeyo. Gulu la 303, la oyendetsa ndege ochokera ku Poland, limene linatchuka chifukwa chogwetsa adani ochuluka m'masabata ochepa, linkauluka ndi Hurricane. Koma musafulumire kumuseka mnzanuyo, chifukwa nayenso ali ndi mfundo.

Ndege ziwirizi zinali ndi injini imodzimodzi ya Rolls-Royce Merlin komanso mfuti zachiwaya zisanu ndi zitatu iliyonse, koma amisiri ake anasankha njira zosiyana. Sydney Camm wa kampani ya Hawker anamanga Hurricane mwa njira yakale imene anyamata a m'mafakitale ankaidziwa kale: mafupa a mapaipi achitsulo, ndipo chakumbuyo kwake anakuta ndi matabwa ndi nsalu. Inauluka koyamba mu Novembala 1935. Inali yojintcha ndiponso yochedwerapo, koma inkapangidwa msanga, ndipo chipolopolo chinkatha kungoboola nsaluyo n'kutulukira kwina, kenako amakaniko n'kuika chigamba pabwalo pomwepo. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo Hurricane nyimbo inkaidziwa. Reginald Mitchell wa kampani ya Supermarine, amene anazolowera kupanga ndege za mpikisano wa liwiro, anamanga Spitfire ndi khungu lachitsulo chopepuka limene linkasenza nawo katundu, ndiponso mapiko opyapyala obulungira. Inauluka koyamba pa 5 Malichi 1936, ndipo Mitchell anamwalira ndi khansa mu Juni 1937 ali ndi zaka 42, asanaione ikumenya nkhondo. Mapiko okongolawo ankavuta kupanga ndi kukonza, koma ndi amene anaipatsa liwiro lofanana ndi la mdani woopsa koposa, Messerschmitt Bf 109. Popanda Spitfire yolimbana ndi Bf 109 m'mwamba, ma Hurricane akanavutika kwambiri kufikira ndege zoponya mabomba.

Bf 109 nayo inali ndi zake zopambana. Inanyamula mizinga ing'onoing'ono iwiri ya mamilimita 20, imene inkawononga kwambiri kuposa zipolopolo za mamilimita 7.7 za Angerezi. Injini yake ya Daimler-Benz inkapopera mafuta m'masilinda mwachindunji, pamene Merlin inkadalira carburettor, chipangizo chosakaniza mafuta ndi mpweya, yokhala ndi kachoyandama. Choncho Mjeremani akaona kuti zamuthina, ankangoweramitsa mphuno ya ndege mwadzidzidzi n'kutsika, ndipo Mngerezi akayesa kumutsatira chimodzimodzi injini yake inkatsamwa kwa kamphindi. Amene anachepetsa vutoli anali mayi wina, injiniya Beatrice Shilling, amene kumayambiriro kwa 1941 anayenda m'mabwalo a ndege akuika m'njira ya mafuta kachitsulo kakang'ono koboola pakati, kamene kankaletsa mafuta kusefukira.

Chimene chinagwetsa Bf 109 ndi mafuta. Willy Messerschmitt anaipanga yaing'ono ndi yopepuka kuti ikhale yothamanga, ndipo thanki yake inali yaing'ono chimodzimodzi. Ikanyamuka ku France n'kuwoloka nyanja, inkakhala ndi mphindi pafupifupi khumi zokha zomenyera nkhondo pamwamba pa London isanatembenuke, ndipo ndege zoponya mabomba zimene inkaperekeza zinkatsala zopanda mtetezi.

Koma maganizo anga ndi akuti nonse awiri mwasiya chinthu chachikulu. Mkulu wa asilikali Hugh Dowding anakonza dongosolo lolumikiza nsanja za radar (makina ozindikira ndege zikadali kutali) za m'mphepete mwa nyanja, anthu oyang'ana kumwamba ndi maso, matelefoni ndi zipinda zolamulira nkhondo, kotero kuti ndege zochepa zimene Britain inali nazo sizinkawononga mafuta n'kusakasaka mdani koma zinkanyamuka pa nthawi yake n'kulunjika pamene iye ali. Ndipo tisaiwale anthu ake. Mwa oyendetsa ndi owombera pafupifupi 3,000 amene anamenya nkhondoyo, 544 anafa. Hurricane inali ndi mathanki a mafuta patsinde pa mapiko ndi ina kutsogolo kwa woyendetsa, ndipo ikayaka moto unkalowa m'chipinda chake m'masekondi ochepa. Ambiri amene anapulumuka anapsa nkhope ndi manja, ndipo dokotala Archibald McIndoe anathera zaka akuwaumbanso nkhope ku chipatala cha ku East Grinstead.

Funso: Kodi ndege yomenyana ndi inzake ndi ndege youkira pansi zimasiyana pati, popeza zonse zili ndi mfuti? Komanso ndimamva za Stuka kuti inkalira potsika. Kodi n'zoona? — Mayi wokonda kuwerenga mbiri yakale

Yankho: Mayi, kusiyana kwake kuli pa mdani amene ndegeyo ikumuyembekezera. Ndege yomenyana ndi inzake imafuna liwiro, kukwera msanga ndi kukhota mwachangu, motero mmisiri amaichotsera kulemera kulikonse kumene angathe. Ndege youkira pansi imauluka motsika, pamene msilikali aliyense wokhala ndi mfuti angathe kuiwombera, ndipo iyenera kusenza mabomba ndi kuwaponya pa chinthu chaching'ono monga mlatho, kasinja kapena mzinga. Imafuna kulunjika bwino ndi kupirira zipolopolo, ndipo zimenezi imazigula ndi liwiro lake.

Za kulira kwa Stuka n'zoona. Junkers Ju 87, limene ndi dzina lake lenileni, inkaikidwa kapulopela kakang'ono pamwendo kamene kankaliza sailini ikamatsika, cholinga chake chili kuopseza anthu pansi. Pa nthawiyo bomba loponyedwa ndi ndege youluka mopingasa linkaphonya kawirikawiri, choncho Stuka inkatembenuka n'kutsika chamutu, pafupifupi choimirira, ikuloza chimene ikufuna kuphwanya. Inali ndi mabuleki pansi pa mapiko oletsa kuti isathamange mopitirira, chitsulo chokankhira bomba kutali kuti lisagunde pulopela, komanso chipangizo chodzutsa ndegeyo chokha, chifukwa podzuka magazi ankathawa kumutu kwa woyendetsa ndipo ankatha kuchita chidima m'maso. Ku Poland mu 1939 ndi ku France mu Meyi 1940 inachita zoopsa, ndipo pakati pa amene anazunzika nayo panali anthu wamba othawa nkhondo m'misewu. Koma inali yochedwa, miyendo yake sinkapindika, ndipo inkadalira kuti kumwamba kukhale kopanda adani. Itakumana ndi ma Hurricane ndi ma Spitfire, inagwa mochuluka, kotero kuti pambuyo pa 18 Ogasiti 1940 Ajeremani anaichotsa pa nkhondo ya ku Britain.

Ndege imene ine ndimaiona kuti ndiyo mayi wa ndege zonse zoukira pansi ndi Ilyushin Il-2 ya Soviet Union. Sergei Ilyushin sanapange ndege kenako n'kuipachika zitsulo zoteteza, monga ankachitira ena. Anaumba chigoba chachitsulo chochindikala chokuta injini, mathanki a mafuta ndi woyendetsa, ndipo chigobacho n'chimene chinali thupi la ndegeyo chakutsogolo, motero kulemera kumodzi kunkagwira ntchito ziwiri. Zipolopolo za mfuti wamba zinkangonjanja. Zinapangidwa zoposa 36,000, chiwerengero chimene palibe ndege ina yankhondo imene inachifikapo, ndipo kumapeto kwa 1941 mtsogoleri wa dzikolo, Stalin, anatumiza uthenga waukali kwa akuluakulu a mafakitale wonena kuti asilikali ake akuifuna ndegeyi ngati mpweya ndiponso ngati buledi. Pa nkhondo ya ku Kursk mu Julayi 1943 inayamba kumwaza timabomba ting'onoting'ono tambirimbiri toboola madenga a akasinja.

Koma apanso panali mtengo wake. Ma Il-2 oyambirira anali a munthu mmodzi, opanda wowombera kumbuyo, ndipo Ajeremani anaphunzira kuwadzera chakumbuyo ndi chapansi n'kuwombera choziziritsira oyilo chimene chinali pamimba. Mu 1942 anawonjezera mpando wa wowombera, koma mpandowo unali kunja kwa chigoba chija, chifukwa kukulitsa chigobacho kukanalemetsa ndege chakumbuyo ndi kuchedwetsa ntchito m'mafakitale. Owomberawo anafa mochuluka kuposa oyendetsa amene ankawateteza. Mwina mungakonde kudziwa, Mayi, kuti pakati pa oyendetsa Il-2 panali mayi wina, Anna Yegorova, amene anagwetsedwa mu 1944, anapulumuka ku ukaidi, ndipo pambuyo pake analandira ulemu waukulu koposa wa dziko lake. Nzeru ya Ilyushin sinafe, chifukwa A-10 ya America ndi Su-25 ya Soviet Union, zimene zinauluka koyamba mu 1972 ndi 1975, zonse zimakhazika woyendetsa m'chigoba cha chitsulo cha titanium.

Funso: N'chifukwa chiyani ndege zina zakale zinkajambulidwa mano a shaki kutsogolo? — Wojambula zithunzi

Yankho: Ankajambula ndi asilikali eni ake pofuna kulimbitsana mtima ndi kuzindikiritsa gulu lawo. Gulu lina la Ajeremani linali ndi chithunzichi pa ndege zake za Bf 110, ndipo mu 1941 gulu la 112 la Britain, limene linali kumpoto kwa Africa, linachitengera pa ndege zake za Curtiss P-40. Ndegeyi ili ndi chibowo chachikulu cholowera mphepo pansi pa pulopela chimene chimaoneka kale ngati kamwa, n'chifukwa chake manowo anaikhala bwino kuposa ina iliyonse. Oyendetsa a ku America otchedwa Flying Tigers, amene ankamenyera China, anaona chithunzi cha ndege za gulu la 112 nawonso n'kutengera, ndipo ndi iwo amene anachitchukitsa.

Funso: Ndinamva kuti Zero ya ku Japan inali yosagonjetseka nkhondo itangoyamba, koma pomaliza inkagwetsedwa ngati masamba. Kodi chinasintha n'chiyani? — Wowerenga wanu wa nthawi zonse

Yankho: Chodabwitsa n'chakuti Zero sinasinthe kwenikweni, ndipo vuto lake linali lomwelo. Asilikali apamadzi a Japan anapempha ndege yothamanga, yokhota msanga, yonyamula mizinga ya mamilimita 20, komanso yotha kuuluka mtunda wautali kwambiri pamwamba pa nyanja, zonsezi ndi injini ya mphamvu zochepa poyerekeza ndi zimene mayiko ena anali kukonza. Kampani ya Nakajima inaona kuti n'zosatheka ndipo inachoka pa mpikisano. Jiro Horikoshi wa ku Mitsubishi anavomera, ndipo njira yokhayo imene anali nayo inali kupepukitsa chilichonse. Anagwiritsa ntchito aluminiyamu watsopano wolimba, anaboola mabowo m'mafupa a ndege kuti achepetse kulemera, ndipo sanaike chitsulo choteteza woyendetsa ngakhale mphira wotseka thanki ikabooledwa. Dzina lake linachokera ku chaka chimene inayamba ntchito, 1940, chimene pa kalendala ya mafumu a Japan chinali 2600, nambala yothera ndi ziro.

Zotsatira zake zinadabwitsa dziko. Pa 8 Disembala 1941 ma Zero ananyamuka ku Taiwan n'kukaukira mabwalo a ndege a America ku Philippines, ulendo umene adani awo sankakhulupirira kuti ndege yaing'ono ingauthe. Aliyense amene anayesa kupikisana nayo pokhota anagwa. Koma chinali chikomekome cha mkuyu, chifukwa zipolopolo zochepa zikangogunda thanki yake, ndege yonse inkasanduka lawi la moto.

Aamereka anasintha kamenyedwe kawo asanasinthe ndege. John Thach anaphunzitsa anzake kuuluka awiriawiri n'kumapingasana ngati oluka chingwe, kotero kuti Zero ikatsata mmodzi inkapezeka kutsogolo kwa mfuti za mnzake. Mu Julayi 1942 anapeza Zero itagwa chagada m'dambo pachilumba cha Akutan ku Alaska, ili pafupifupi yathunthu, ndipo ataikonza n'kuiulutsa anatsimikiza kuti ikathamanga kwambiri ndodo yake yowongolera inkauma, moti inkalephera kupendekeka msanga. Langizo linakhala lakuti asakhote nayo, koma aitsikire kuchokera pamwamba, awombere, n'kupitirira ndi liwiro. Mu 1943 kunabwera Grumman F6F Hellcat, ya injini ya mphamvu pafupifupi kuwirikiza kawiri, imene inkatha kusenza chitsulo choteteza popanda kutaya liwiro.

Kutayika kwakukulu kunali kwa anthu. Woyendetsa wa America ankatha kubwerera ndi ndege yobookabooka, n'kuphunzirapo kanthu, mawa n'kuulukanso kapena kupita kwawo kukaphunzitsa ena. Katswiri wa Japan akagundidwa kamodzi, nthawi zambiri ankapita ndi luso lake lonse. Pofika 1944 ma Zero ankayendetsedwa ndi anyamata ophunzitsidwa mothamanga, ndipo kuyambira Okutobala chaka chimenecho ambiri a iwo anatumizidwa kukadziwombetsa dala pa sitima za adani.

Funso: Ajeremani ndi amene anayamba kumenya nkhondo ndi ndege za jeti. Kodi akanazipanga msanga sakanapambana? Nanga jeti zinayamba liti kumenyana zokhazokha? — Wophunzira wa kusekondale

Yankho: Funso lanu loyamba amalikonda anthu ambiri, ndipo yankho langa ndi lakuti ayi. Messerschmitt Me 262 inalidi yodabwitsa. Inauluka koyamba ndi mphamvu ya jeti yokha pa 18 Julayi 1942, inkafika makilomita 870 pa ola pamene ndege zabwino za pulopela zinkalekezera cha pa 700, ndipo inanyamula mizinga inayi ya mamilimita 30 yotha kuthyola ndege yaikulu yoponya mabomba ndi zipolopolo zowerengeka. Kawirikawiri anthu amaimba mlandu Hitler, amene anaumirira kuti ikhale yoponya mabomba, ndipo n'zoona kuti anasokoneza. Koma chimene chinaichedwetsa kwenikweni mpaka 1944 chinali injini. Mkati mwa jeti mumatentha koopsa, ndipo zitsulo zopirira kutentha koteroko zimafuna nickel, chromium ndi cobalt, zimene Germany inalibe zokwanira. Amisiri a injini ya Jumo 004 anakakamizika kugwiritsa ntchito zitsulo wamba, ndipo injiniyo inkatha ntchito itangoyenda maola 10 mpaka 25. Woyendetsa akawonjezera moto mofulumira inkazima kapena kuyaka.

Kufooka kumeneku adani anakuzindikira. Popeza Me 262 sinkatha kuwonjezera liwiro mwadzidzidzi, ankaidikirira pafupi ndi bwalo lake n'kuigwetsa ikamatera kapena ikamanyamuka. Katswiri Walter Nowotny, amene ankatsogolera limodzi mwa magulu oyamba a ndegezi, anafa pafupi ndi bwalo lake pa 8 Novembala 1944. Zinapangidwa pafupifupi 1,400, koma zochepa chabe n'zimene zinamenya nkhondo, chifukwa mafuta, injini ndi oyendetsa ophunzitsidwa zinali kusowa. Pa 18 Malichi 1945, ma Me 262 okwana 37 ananyamuka kukakumana ndi ndege zoponya mabomba zoposa 1,200 zoperekezedwa ndi zomenyana zoposa 600. Ngakhale ndege ikhale yabwino chotani, siingathe kusintha nkhondo ya chiwerengero chotere.

Ndege imene inasinthadi nkhondo pamwamba pa Germany inali ya pulopela, P-51 Mustang. Kampani ya North American inaipanga mu 1940 popemphedwa ndi Britain, ndipo ndi injini yake yoyamba ya Allison inkafooka ikakwera m'mwamba kwambiri. Mu 1942 anaiyesa ndi Merlin, injini yomwe ija ya Spitfire, ndipo inasanduka ndege ina. Kufunika kwake kunaoneka pa 14 Okutobala 1943, pamene ndege 60 mwa 291 za America zimene zinapita kukaphulitsa mafakitale a ku Schweinfurt ku Germany popanda woziperekeza mpaka kumapeto sizinabwerere. Mustang inali ndi thupi loterera mumphepo, mathanki aakulu m'kati, ndi ena opachika pansi pa mapiko amene inkawataya mafuta akatha, ndipo pofika Malichi 1944 inkaperekeza anzake mpaka ku Berlin n'kubwerera. Chimene Bf 109 inalephera pamwamba pa London, Mustang inachikwanitsa pa mtunda wotalika kangapo.

Jeti zinayamba kumenyana zokhazokha ku Korea mu Novembala 1950. Gloster Meteor ya Britain inali itayamba ntchito mu Julayi 1944, koma sinakumanepo ndi Me 262 mumlengalenga. Nkhondo ya ku Ulaya itatha, America ndi Soviet Union onse anatenga kafukufuku wa Ajeremani wosonyeza kuti phiko lopendekera kumbuyo limachepetsa kukankha kwa mphepo ndege ikayandikira liwiro la mawu, ndipo n'chifukwa chake F-86 Sabre ya America ndi MiG-15 ya Soviet Union, zimene zonse zinauluka koyamba mu 1947, zimaoneka ngati pachibale. Injini ya MiG-15 inachokera ku Rolls-Royce Nene, imene boma la Britain linalola kuti igulitsidwe ku Soviet Union mu 1946, ndipo amisiri a kumeneko anaikopera n'kuikulitsa.

Artem Mikoyan ndi Mikhail Gurevich anapanga MiG-15 kuti izigwetsa ndege zikuluzikulu zoponya mabomba, choncho inali yopepuka, inkakwera msanga ndi kufika pamwamba kuposa Sabre, ndipo inanyamula mzinga umodzi wa mamilimita 37 ndi iwiri ya mamilimita 23. Ntchito imeneyo inaigwira, chifukwa pambuyo pa Okutobala 1951 ndege zoponya mabomba za America za B-29 zinaleka kuuluka masana kumpoto chakumadzulo kwa Korea. Koma mizinga yakeyo inkawombera mochedwa polimbana ndi ndege yaing'ono yothamanga, ndipo MiG inkavuta kuigwira ikafika pa liwiro lake lomaliza. Sabre inali yolemerapo, mfuti zake zisanu ndi imodzi za mamilimita 12.7 zinali zazing'ono, koma inkamvera woyendetsa ngakhale pa liwiro lalikulu, inali ndi choyezera mtunda cha radar, ndipo woyendetsa ankavala chovala chofinya miyendo ndi mimba kuti magazi asathawe kumutu pokhota. Ambiri mwa oyendetsa MiG aluso koposa anali a Soviet Union amene ankamenya nawo mobisa, ndipo dziko lawo linabisa zimenezi kwa zaka makumi angapo.

America inkafunitsitsa kugwira MiG-15 yamoyo moti inalonjeza madola 100,000 kwa woyendetsa amene angaibweretse. Pa 21 Seputembala 1953, patapita miyezi iwiri chilekereni kumenyana, No Kum-sok wa ku North Korea, mnyamata wa zaka 21, anatera nayo pabwalo la Kimpo pafupi ndi Seoul, ndipo ananena kuti za mphothoyo anali asanazimve. Ndegeyo inatengedwa kupita ku Okinawa, kumene akatswiri, kuphatikizapo Chuck Yeager, anaiulutsa kuti adziwe mphamvu ndi zofooka zake, ndipo lero imasungidwa m'nyumba yoonetsera ndege zakale za asilikali a America pafupi ndi mzinda wa Dayton ku Ohio.